Mwana wosatuluka thukuta ku Moatize: tsitsi, mano ndi kutentha thupi kosamva mankhwala

Lipotili ndi la mwana wamwamuna wa miyezi 22 yemwe anafika pachipatala china m'boma la Moatize masana a tsiku lina mu Okutobala, thupi lili moto, atakomoka kamodzi panjira. Matenda omwe anapezeka nawo ndi hypohidrotic ectodermal dysplasia, matenda obadwa nawo omwe amachepetsa thukuta, tsitsi ndi mano. Ndi osowa, koma savuta kuwazindikira ngati woyeza wayang'ana tsitsi, mano ndi thukuta nthawi imodzi. Talilembera anamwino, azachipatala a m'maboma a Tete ndi ma APE, alangizi a zaumoyo a m'midzi. Dzina la mwana ndi mudzi wake tazibisa.

Mmene anafikira

Mwanayu anabadwira ku Angónia, chakufupi ndi Ulónguè, kumtunda kozizira. Banja linatsikira ku Moatize mu Ogasiti bambo atapeza ntchito, n'kulowa m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, ya malata opanda siling'i. M'masabata asanu ndi awiri otsatira mwana anatentha thupi katatu, ndipo ulendo uliwonse malungo sankapezeka. Anamwa amoxicillin maulendo awiri, paracetamol kosawerengeka, ndipo tsiku lina makolo anamugulira okha Coartem, mankhwala a malungo. Amayi ake anafotokoza kuti kutenthako kumayamba dzuwa likafika paliwombo n'kutha kokha usiku. Anati mwana akangoona beseni la madzi amalowamo ndi zovala zomwe, likasowa amakagona chafufumimba pasimenti.

Tsiku lobwera kuchipatala amayi ake anamubereka kumsana, n'kumufunditsa kapulana ina kumutu poopa dzuwa, n'kukwera shapa (minibasi) yodzaza. Anakomokera m'shapamo, kugwedezeka kwa mphindi ngati ziwiri.

Pofika, kutentha kwa m'khwapa kunali 40.3 °C, mtima ukugunda ka 168 pa mphindi. Khungu linali louma gwa. Panalibe ngakhale kadontho ka thukuta pamphumi, m'khosi kapena m'khwapa, pomwe bulauzi ya amayi ake inali itanyowa msana wonse. Khosi silinaume, chifuwa chinkamveka bwino, shuga 5.2 mmol/L, hemoglobin 10.6 g/dL, mkodzo wabwino, malungo sanapezeke pa RDT (choyezera malungo chachangu) ngakhale pa maikulosikopu. Ankalemera 9.8 kg, kuzungulira kwa mkono 13.4 cm.

Anamuvula zonse, kumunyowetsa thupi lonse ndi madzi a pampopi, anthu awiri akumukupiza ndi makatoni. Patatha mphindi 40 kutentha kunatsikira pa 37.8 °C, mwana anatsitsimuka n'kuyamba kumwa. Analandira antibayotiki wa ceftriaxone pomwe zoyeza zinali zisanatuluke, ndipo mankhwalawo anasiyidwa madzi a pamsana atapezeka oyera. Masiku awiri omwe anagonekedwa, tchati chake chinaonetsa zomwe amayi ananena: m'mawa 36.7 °C, cha m'ma 2 koloko masana 38.4 °C, akamunyowetsa n'kutsika osamwa kalikonse.

Zomwe zinaoneka atazizira

Tsitsi linali lapatalipatali, lopyapyala, lofiirira, ndipo amayi anati chibadwire anangomumetapo kamodzi chifukwa silikula. Nsidze kunalibe, tsitsi la m'zikope lowerengeka. Pamikono ndi pamsana panalibe ubweya uja wa ana. Mphumi inali yotuluka, mphuno yolowa pakati pa maso, milomo yokhuthala yopindikira kunja, ndipo khungu lozungulira maso linali lakuda ndi lamakwinya ngati la munthu wachikulire. M'kamwa munali mano awiri okha, onse akumtunda, osongoka ngati minga. Anamera ali ndi miyezi 18. Mwana wa msinkhu wake amayenera kukhala ndi mano ngati 16 mwa 20 oyamba aja. Nkhama zam'munsi zinali zopyapyala, zakuthwa ngati msana wa mpeni, chizindikiro choti mkatimo mulibe mano oti amere. M'mphuno munali zikhokho zouma zonunkha, m'makutu phula louma, mawu osasa. Zikhadabo zinali bwino. Ankayenda, kulankhula ndi kusewera mofanana ndi anzake. Matendawa sakhudza nzeru, pokhapokha kutentha kutavulaza ubongo.

Tsitsi lofiira kwathu kuno limaganizitsa kunyentchera, koma mwanayu analibe chotupa m'miyendo ndipo mkono unali m'malire abwino. Mphuno yolowa imapezekanso kwa mwana wobadwa ndi chindoko, koma amayi anayezedwa kusikelo komanso tsikulo, sichinapezeke. Komanso mano a chindoko amaonekera pa mano achiwiri. Chipere chimadya tsitsi mozungulira n'kusiya nkhanambo, sichichotsa nsidze. HIV inalibe. Palibe ngakhale chimodzi mwa izi chomwe chimaletsa thukuta.

Kuyeza thukuta sikufuna zida zodula. Pakani ayodini pachikhatho ndi pamsana, dikirani aume kotheratu, wazani sitachi mopyapyala, kenako mwana asewere pang'ono m'chipinda chofunda kwa mphindi 10 mpaka 15, thermometer ili pafupi. Paliponse potuluka thukuta pamachita kadontho kakuda kobiriwira. Yezani limodzi ndi mwana wina wabwinobwino kuti mukhale ndi chofanizira. Zolakwika zofala ndi ziwiri: kuwaza sitachi ayodini asanaume, zomwe zimadetsa paliponse n'kunamiza kuti thukuta lilipo, ndi kumufunditsa mwana bulangete kapena kumuika padzuwa pofuna kukakamiza thukuta. Chachiwirichi musachite, mungamukomole. Pa mwanayu sipanaoneke kadontho ngakhale kamodzi. Poyang'ana nsonga za zala ndi galasi lokuzira, timabowo ta thukuta tomwe timandandalika pamizere ya chala sitinaoneke.

Chifukwa chake tsitsi, mano ndi thukuta zimalephera limodzi

Tikhalitsepo apa, chifukwa womvetsa mmene tsitsi limayambira m'mimba sangaiwalenso kutsegula kukamwa kwa mwana wa tsitsi lochepa.

Khungu la mluza lili ndi zigawo ziwiri. Chapamwamba, epidermis, chimachokera ku ectoderm, maselo a kunja kwenikweni a mluza. Chapansi ndi dermis. Tsitsi, mano, timichubu ta thukuta, zikhadabo, mabere ndi tizigawo tonyowetsa maso, mphuno ndi kukamwa, zonsezi zimayamba mofanana: maselo a pamwamba ndi a pansi amatumizirana mapuloteni mosinthanasinthana, ndipo uthenga uliwonse umadikira unzake. Mwa munthu, mizu yoyamba ya tsitsi imaoneka cha m'sabata la 9 mpaka 12, pansidze, pamlomo wam'mwamba ndi pachibwano, kenako imafalikira thupi lonse m'mwezi wachinayi ndi wachisanu. Mwana amabadwa ndi mizu pafupifupi 5 miliyoni, ngati 100,000 ili pamutu. Akabadwa sipaphukanso ina yatsopano. Tsitsi limathothoka n'kumeranso moyo wonse, koma limamera m'mizu yomwe inakhazikika m'mimba.

Zambiri za ndondomekoyi zinadziwika poyesa pa mbewa, ndipo matenda a anthu anadzatsimikiza kuti njira yake ndi yomweyo.

Woyamba kulankhula ndi Wnt. Mapuloteni a Wnt akafika pa selo, puloteni ya β-catenin imasiya kuphwanyidwa, imachuluka, imalowa mu nucleus (chimake cha selo) n'kugwirizana ndi puloteni ya LEF1 kuti idzutse ma gene ena, omwe ndi malangizo a chibadwa osungidwa m'selo. Pamalo pomwe Wnt wakula mphamvu, maselo a epidermis amaima chilili n'kuthithikana, kupanga kachigamba kokhuthala kotchedwa placode. Ili ndiye phando la tsitsi. Mbewa yomwe Wnt watsekedwa pakhungu ndi puloteni ya Dkk1 sipanga placode ngakhale imodzi.

Mapandowa satundumuka paliponse. Placode ikangokhazikika imatulutsa zoletsa, monga Dkk4 ndi ma BMP, zomwe zimafalikira mozungulira n'kuuza maselo oyandikana nawo kuti akhale khungu wamba. Mkati mwa placode momwemo BMP amagwidwa ndi mapuloteni ena, monga Noggin ndi follistatin, kotero pakati pamapitirira kukula pomwe m'mbali mwatsekedwa. Ndi mmene mpata wa pakati pa tsitsi ndi linzake umapangikira, monga wodzala chimanga amasiya phazi pakati pa phando ndi phando. Katswiri wa masamu Alan Turing analongosola mu 1952 kuti chinthu cholimbikitsa ndi china choletsa, zikamafalikira pa liwiro losiyana, zimatha kupanga madontho a mpata wofanana popanda wozijambula.

Placode yoyambayi ndi yosakhwima, ikhoza kuzimiririka. Choilimbitsa ndi njira ya EDA, ndipo apa m'pamene pali vuto la mwana wathu. Gene ya EDA ili pa chromosome X, umodzi mwa mitolo ya ma gene m'selo; mwamuna ali ndi X imodzi, mkazi awiri. Imapanga puloteni ya ectodysplasin, yomwe imakhala yomangirira pakhoma la selo mpaka enzyme yotchedwa furin itaidula. Ikamasuka, mtundu wake wa EDA-A1 umakakhala pa cholandirira chake, EDAR, chomwe Wnt wachichulukitsa kale pa placode. EDAR amapatsira uthenga puloteni ya EDARADD mkati mwa selo, ndipo pamapeto pake puloteni ya NF-κB imamasuka n'kulowa mu nucleus. NF-κB ndiye amasunga Wnt10b, mtundu wina wa Wnt, kuti asazime, amachulukitsa zogwira BMP, ndipo amathandiza kudzutsa mapuloteni a FGF20 ndi Sonic hedgehog. Wnt amayatsa EDAR, EDAR amakoleza Wnt. Mmodzi akasowa, moto umazima phando lisanagwire.

FGF20 amatsikira ku dermis n'kuitana maselo kuti asonkhane pansi penipeni pa placode. Kagulu kameneka kadzakhala dermal papilla, kamtima ka muzu komwe kamalamulira kukula kwa tsitsi moyo wonse. Kenako Sonic hedgehog amachulukitsa maselo a placode kuti ibowole pansi mopendekeka ngati chikhomo, mpaka nsonga yake itavundikira papilla ngati chipewa. Mbewa zopanda Sonic hedgehog zimayamba mizu bwinobwino koma imaima pomwepo, yosazama. Zotsala zimayenda msanga: maselo a pansi pa muzu amagawikana kukhala tsitsi lenileni ndi chikwama chake, chakumtunda kumatuluka kathumba ka mafuta ndi kachotupa kosungira stem cells (maselo obala maselo ena atsopano), ndipo maselo opanga utoto amalowamo kuchokera ku neural crest, kagulu ka maselo a kumsana kwa mluza.

Nanga bwanji mwanayu ali ndi tsitsi ndithu, ngakhale lochepa? Pa mbewa mizu imayamba m'magulu otsatizana. Gulu loyamba, la tsiku la 14 la bere, limadalira kwambiri EDA; gulu lachiwiri limadalira kwambiri Noggin ndipo limamera ngakhale EDA palibe. Mbewa ya Tabby, yomwe EDA yake ndi yowonongeka, ili ndi ubweya koma wopyapyala, kuseri kwa makutu ndi kumchira kuli mbee, mano ndi opunduka, ndipo kumapazi kulibe timichubu ta thukuta. Munthu naye n'chimodzimodzi: tsitsi la pamutu limachepa, ndevu za akuluakulu nthawi zambiri zimamera bwino, koma thukuta, lomwe limadalira EDA kotheratu, limasowa. Dzino limayambanso ndi placode, cha m'sabata la 6 mpaka 8, ndipo EDA akachepa mapando ambiri amafa, otsalawo amatuluka aang'ono a nsonga imodzi. Timichubu ta thukuta timayamba m'zikhatho ndi kumapazi cha m'mwezi wachinayi, thupi lonse kuyambira cha m'sabata la 20, ndipo munthu amakhala nato 2 mpaka 4 miliyoni.

Gene ya EDA inapezeka mu 1996, ndipo ndi yomwe imakhala yowonongeka mwa odwala ambiri. EDAR, pa chromosome 2, ndi EDARADD, pa chromosome 1, zikawonongeka zimapereka nkhope yomweyi, koma zimagwira anyamata ndi atsikana mofanana. Gene ya WNT10A ikawonongeka imakhudza kwambiri mano. Pali mtundu wina wa anyamata womwe vuto lili pa NEMO, puloteni yomwe NF-κB amadalira ku khungu komanso ku chitetezo cha m'thupi. Mwana wotere amadwala mobwerezabwereza matenda oopsa a mabakiteriya. Choncho mwana wa nkhope iyi akamabwera ndi zithupsa zamafinya, chibayo chachikulu kapena meningitis (matenda oumitsa khosi), atumizidwe msanga kuchipatala chachikulu cha chigawo.

Kuchimake

Gene ya mwanayu sinayezedwe. Chomwe chinatsimikiza kuti ndi mtundu wa chromosome X ndi mbiri ya banja. Amayi ake alibe mano awiri am'mwamba oyandikana ndi akutsogolo, ndipo sanawazulitse. Anati mkaka unkawavuta bere limodzi. Ayodini ndi sitachi pamsana pawo zinajambula mizere: pena pakuda ndi thukuta, pena pouma, yokumana pamsana ngati chilembo cha V. Mkazi ali ndi ma X awiri, ndipo selo lililonse limazimitsa imodzi mluza ukadali waung'ono, monga anafotokozera wasayansi Mary Lyon mu 1961. Khungu lochokera ku maselo omwe anasunga X yabwino limatuluka thukuta, linalo ayi. Amalume a mwanayu, achimwene a amayi, ali ndi mano asanu okha, amalima mbandakucha n'kuweruka dzuwa lisanakwere, ndipo kumudzi amadziwika kuti amadzithira madzi tsiku lonse. Mlongo wina wa amayiwa anamwalira ali khanda m'chilimwe ndi kutentha thupi. Charles Darwin analembapo mu 1875 za banja lina la ku Sindh, dera lomwe lero lili ku Pakistan, lomwe amuna khumi m'mibadwo inayi anali ndi mano ochepa, tsitsi lochepa ndi khungu louma, matenda akudzera mwa ana aakazi omwe eni ake sankadwala.

Masamu ake ndi awa. Mayi wonyamula gene yowonongeka, pa mimba iliyonse ya mwamuna pali theka la mwayi woti mwana adwale, pa ya mkazi theka loti anyamule. Mwamuna wodwala sapatsira ana ake aamuna, koma ana ake onse aakazi amanyamula. Mimba iliyonse imayambira pomwepo. Kubereka wodwala mmodzi sikutchinjiriza wotsatira.

Pofotokozera banja, mawu oti "majini" tiwapewe. Ena amawagwiritsa ntchito potanthauza ma gene, koma kumudzi amamveka ngati mizimu yoipa, ndipo banja lomwe lataya kale khanda silisowa wolikankhira kwa asing'anga. Nenani kuti ndi chibadwa chotengera kumtundu. Kambani bambo ali pompo, ndipo ngati n'kotheka agogo ndi amalume, chifukwa nkhani yoti zachokera kuchimake ikhoza kusanduka mlandu wa mayi. Anenedwe poyera kuti palibe chomwe anadya, kumwa kapena kulakwira mwambo ali woyembekezera.

Chisamaliro

Mankhwala omeretsa mizu yomwe sinayambe m'mimba kulibe, ndipo ndalama zisatayike pa mafuta a tsitsi. Puloteni yopangidwa m'malo mwa EDA-A1 itaperekedwa kwa makanda obadwa kale sinabwezeretse thukuta. Madokotala a ku Erlangen ku Germany anafalitsa mu 2018 kuti atabaya puloteniyo m'madzi a m'chiberekero, kwa mapasa pa sabata la 26 ndi la 31 komanso kwa mwana wina pa sabata la 26, ana atatuwo anabadwa akutuluka thukuta. Nthawiyo timichubu ta thukuta timakhala tikadapangika, khomo lisanatsekeke. Chithandizochi chikadali pa kafukufuku.

Kuno ntchito yaikulu ndi kuziziritsa, ndipo Moatize komanso mzinda wa Tete, komwe mu Okutobala ndi Novembala kumapyola 40 °C, ndi malo ovuta kwa mwana wotere. Thupi limazizira thukuta likamauma pakhungu. Mwanayu alibe lake, ndiye madzi a kunja agwire ntchitoyo. Kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo avale malaya a thonje onyowetsa, akauma anyowetsedwenso, ndi chipewa chonyowa. Botolo la madzi loboola chivindikiro ndi singano liziyenda naye. Masana asakhale m'nyumba ya malata. Pansi pa mtengo kapena pakhonde la udzu pomwe pakupita mphepo ndi pabwino. Asaberekedwe kumsana padzuwa, ndipo kumufunditsa kumutu ndi nsalu youma kulekeke, chifukwa amalandira kutentha kwa mayi pomwe kwake kulibe kotulukira. Maulendo akhale a m'mamawa. Azimwa madzi pafupipafupi osadikira ludzu. Neti ya udzudzu isachotsedwe. Usiku wotentha agone ndi malaya achinyezi m'netimo.

Paracetamol sathandiza kutentha kwa dzuwa. Pa malungo kapena chibayo ubongo ndiwo umakweza muyezo wa kutentha, ndipo mankhwalawa amautsitsa. Apa muyezo uli bwino, chasowa ndi njira yotayira kutentha. Komabe mwanayu akhoza kudwala malungo ngati wina aliyense, ndipo akadwala amatentha kuposa anzake. Lamulo lomwe makolo anapatsidwa ndi ili: akatentha, muvuleni, munyowetseni, mukupizeni, muyezeni pakatha mphindi 30. Ngati akadali pa 38 °C kapena kuposa, kapena wafooka, akusanza, akupuma mothamanga, wakomoka, mubwere naye akadali wonyowa. Kuchipatala ayezedwe malungo ulendo uliwonse, ndipo paracetamol wa 15 mg pa kilogalamu aperekedwe pomwe pali matenda. Katemera alandire yense.

M'mphuno muzidonthezedwa saline (madzi amchere) katatu patsiku kuti zikhokho zifewe. Kunyumba ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya 250 ml ya madzi owiritsa, opangidwa tsiku lomwelo. Zikhokho zisakanganulidwe zouma, zimatulutsa magazi. Phula la m'khutu lifewetsedwe ndi kadontho ka mafuta, osalowetsamo kamtengo. Pakhungu Vaseline akangosamba, sopo pang'ono. Maso akamafiira kapena kuopa kuwala, aonedwe ndi a maso.

Malovu ndi ochepa ndipo mano otafunira palibe, choncho nsima youma ndi chimanga chokazinga zimamutsamwa. Phala la nsinjiro, mazira, nyemba zopota, usipa wosinja, nthochi ndi mapeyala zimalowa, madzi ali pambali. Sikelo mwezi ndi mwezi. Mano oikirira a pulasitiki amatha kuyamba pa zaka 2 mpaka 3, ndipo amasinthidwa nsagwada zikamakula. Amathandiza kutafuna ndi kulankhula, komanso kuti asasekedwe akayamba sukulu. Mano awiri osongokawo asazulidwe ngakhale akuoneka moipa: ndiwo agwira fupa la nsagwada, ndipo dokotala wa mano akhoza kuwakuta kuti aoneke ngati ena.

Pa khadi lake la kusikelo panalembedwa ndi zilembo zazikulu, m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, kuti mwanayu satuluka thukuta, aziziritsidwe ndi madzi asanadikire pamzere.

Mmene zinapitira

Mwanayu anabweranso patatha masabata awiri, kenako asanu ndi limodzi. Sanakomokenso. Kawiri kutentha kunafika 38.6 °C masana n'kutsika ndi madzi m'mphindi 30. Mu Disembala mvula itayamba anatentha usiku, madzi osathandiza. RDT inapeza malungo ndipo anachira ndi Coartem. Anafika 10.4 kg. Bambo anamanga kachisakasa ka udzu kuseri kwa nyumba, ndipo makolo agwirizana kuti chaka chamawa mayi ndi mwana adzakhale ku Angónia kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa. Kalata yopita kwa dokotala wa mano mumzinda wa Tete inalembedwa, kuti akajambule nsagwada n'kuwerenga mano omwe ali mkati.

Mng'ono wawo wa amayiwa, yemwe ali kumudzi, ndi woyembekezera miyezi isanu ndi iwiri. Uthenga wapita kwa namwino wa kusikelo kwawo kuti amuone mano. Akabadwa wamwamuna, khungu losupuka kwambiri m'masiku oyamba, kusowa kwa nsidze ndi kutentha thupi kopanda chifukwa ziyang'aniridwe. Khanda lotentha thupi liyezedwe ndi kulandira maantibayotiki monga mwa ndondomeko, koma lisakulungidwe nsalu zambiri masana, ndipo amayi ake afunsidwe mwachindunji: "Mayi, kodi mwanayu munamuonapo atanyowa pamphumi akamayamwa?"